Kwa mwana wanga wokonda kuthamanga

Mwana wanga wokondedwa,

Kuno tadzuka bwino, kaya iwe ndi a m'nyumba mwako. Chandilembetsa kalatayi ndi chimene ndinaona utabwera kudzationa. Potsika m'galimoto unatsimphina, ndipo utakhala pansi unavula nsapato n'kuyamba kusisita msongolo wakumanzere, poganiza kuti sindikuona. Nditafunsa unangoti, "Palibe kanthu, n'kutopa chabe." Koma m'mawa mwake, kusanayere n'komwe, ndinamva chitseko chikutseguka, iwe uyo ulendo.

Usayese kuti ndikukuletsa kuthamanga, ayi ndithu. Chiyambireni nkhope yako yawala, ndipo kupsa mtima kuja kwachepa. Mtima ndi mnofu, ukamagwiritsidwa ntchito umalimba n'kumapopa magazi ambiri pa kugunda kumodzi. N'chifukwa chake wa munthu wamkulu amene wangokhala umagunda ka 60 mpaka ka 100 pa mphindi, pamene wa othamanga ozolowera umatha kutsika kufika m'ma 50 kapena 40. Kuthamanga kumathandizanso kutsitsa BP ndi kupewa matenda a shuga, omwe ukudziwa mmene asautsira banja lathu. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la World Health Organization limati mphindi 75 mpaka 150 pa sabata za masewera amphamvu ngati amenewa n'zokwanira. Iwe pofika Lachinayi umakhala utazimaliza kale, koma sudumphitsa ndi tsiku limodzi lomwe.

Apa m'pamene pagona nkhawa yanga. Ukamathamanga, minofu imavulala pang'ono pang'ono mosaoneka ndi maso, ndipo mphamvu yosungidwamo imatha. Thupi limadzikonza ukakhala pansi, ukadya mokwanira, makamaka ukagona tulo. Kuphwanya kwa miyendo kumene kumafika pachimake patapita tsiku limodzi, awiri kapena atatu kumasonyeza kuti ntchito yokonzayo ili m'kati. Chinanso, mtima ndi mapapo zimazolowera msanga, koma mafupa ndi mitsempha yolumikiza minofu ku mafupa zimatsalira m'mbuyo. Pachifuwa umamva kuti ungathe kuwonjezera mtunda, fupa lisanakonzeke.

Zoterezi zinandionekera ineyo ndili msinkhu wakowo. Pamsongolo panayamba kuwawa, pamalo amodzi oti n'kuloza ndi chala. Ndinauma mutu, ndinkati ndikatuluka thukuta zisiya. Mapeto ake ngakhale kuyenda pabwalo kunayamba kundipweteka. Adokotala atajambula anapeza kuti fupa lachita mng'alu, ndipo ndinakhala miyezi iwiri nsapato zanga zikuchita fumbi kunsi kwa bedi. Agogo ako atandiona ndikudumphira mwendo umodzi anangopukusa mutu, amvekere, "Kuthamanga si kufika."

Tsono ndimvere. Uzipuma masiku awiri pa sabata, ngati thupi likunyerenyesa ungoyenda pang'ono basi. Masiku ambiri uzithamanga liwiro loti n'kumacheza ndi mnzako osachita wefuwefu. Ngakhale katswiri wothamanga wa ku Kenya, Eliud Kipchoge, amene mu 2019 anathamanga makilomita 42 ku Vienna maola awiri asanakwane, ambiri mwa makilomita ake okonzekera amawathamanga mofatsa. Tulo tisachepere maola 7, foni ija uziyiika patali ukamagona. Madzi uzimwa, mkodzo ukayamba kuda udziwe kuti wapereweza. Ukadzuka, usanatsike pabedi, gwira pamkono uwerenge kugunda kwa mtima. Ukaona kuti kwakwera kuposa masiku onse, miyendonso ikulemera, tsiku limenelo nsapato uzisiye.

Koma za msongolowo ndiye sindikukupempha, ndikukuuza monga kholo: usiye kaye kuthamanga upite kuchipatala sabata ino akauone. Ndipo tsiku lina ukadzamva kupweteka pachifuwa kapena chizungulire uli panjira, udzaime pomwepo, usadzalimbikire kuti umalize.

Ukachoka kwa adokotala undiimbire, ndimve ndekha zimene akuuza. Upereke moni kwa apongozi anga ndi adzukulu anga. Amayi ako akuti akusowa.

Ndine,
Bambo ako