Mafuta otereretsa asamangogulidwa chigulegule

A Mkonzi,

Nkhani za kuchipinda timachita nazo manyazi koma anthu akuononga ndalama komanso thanzi lawo. Zidole zogonana nazo zomwe anthu akuitanitsa ku Joni zambiri nza silikoni (mtundu wa mphira wofewa), ndiye ukapakapo mafuta otereretsa a silikoni omwewo chidolecho chimayamba kumata ngati chingamu, kukhakhala, tizilombo nkumabisala mmenemo. Gulani olembedwa water-based, kutanthauza opangidwa ndi madzi, amachoka ndi madzi basi, akauma mungoonjezera. Vaseline, baby oil kapena mafuta ophikira ayi ndithu, amafooketsa kondomu ya latex mpaka kuphulika, paja ena amaveka chidole kondomu akamabwerekana. Zidole zagalasi ndi zachitsulo sizisankha mafuta. Nanga ogulitsa m'mafamase bwanji osamawauza anthu zimenezi?

Wowerenga wanu,
Lilongwe