Jipi ya pachithunzi chanu si yankhondo

Akonzi,

Ndakhala ndikugwira sipanala kwa zaka zoposa 30, ndipo galimoto zakale zankhondo ndimazikonda kuchokera pansi pa mtima. N'chifukwa chake chithunzi chomwe munatulutsa posachedwa, cha jipi yobiriwira yokhala ndi nyenyezi yoyera pa boneti, ndinachiyang'ana kwa nthawi yaitali. Pansi pake munalemba kuti ndi Willys ya 1943 yomwe inamenya nawo nkhondo yachiwiri ya dziko lonse. Pepani, koma si choncho.

Werengani mipata ya chitsulo cha kumphuno, chotchinga radiyeta chija. Pachithunzipo ilipo 7. Jipi zankhondo zinali ndi mipata 9, ndipo nyale zake zinali zazing'ono, zobisala mkati. Mipata 7 ndi nyale zazikulu zinabwera ndi CJ-2A, yomwe kampani ya Willys inayamba kugulitsa kwa alimi ndi anthu wamba mu 1945. Onaninso pothirira petulo m'mbalimo. Pa yankhondo, dalaivala ankayamba wadzutsa mpando wake kuti athire mafuta, pakuti thanki inali pansi pomwe ankakhalapo.

Ngakhale zankhondo zenizenizo zili mitundu iwiri. Willys ya ku Toledo, m'chigawo cha Ohio, inapanga jipi za mtundu wa MB zoposa 350,000. Asilikali a ku America ankafuna zambiri kuposa apo, choncho Ford nayo inapatsidwa mapulani omwewo n'kupanga zake, zotchedwa GPW, pafupifupi 280,000. Ukaziona patali ndi mapasa. Gwada kutsogolo kwake, suzumira pansi pa radiyeta. Chitsulo chopingasa cha chasisi chikakhala chozungulira ngati paipi, imeneyo ndi Willys. Chikakhala chopinda ngati U wozondoka, ndi Ford. Ndipo a Ford sankalola kuti chitsulo chawo chisokonekere ndi cha mnzawo: ankadinda chilembo cha F chopiringizika pa zipangizo zambirimbiri, mpaka pamitu ya mabawuti. Ndinagwirapo bawuti yotere. Dzimbiri linali litadya mutu wonse, koma nditapala ndi bulashi ya waya n'kupaka tioyilo ndi chala, ka F kanatulukira, kochepa ngati njere ya mpunga. Manja anga ananjenjemera, poganiza kuti munthu wina anaimanga nkhondo ili mkati.

Injini ndiye imanyenga anthu ambiri. Ndi ija ankaitcha Go-Devil, ya masilinda anayi, malita 2.2, mphamvu ya mahatchi 60, ndipo Willys inapitiriza kuipanga nkhondo itatha. Yapambuyoyo imalowa bwinobwino m'malo mwa yankhondo popanda kuboola paliponse. Wofuna kudziwa zoona ayang'ane kudzanja lamanja kwa buloko (thunthu la injini), kuseri kwa fyuluta ya oyilo, pomwe pali kamalo kosalala kodindidwa nambala. Ikayamba ndi MB ndi ya Willys, ikayamba ndi GPW ndi ya Ford. Pa Ford pali mwayi wina: nambala ya injini ndi ya pachasisi zinkatuluka kufakitale zili zofanana, ndiye zikasiyana umadziwiratu kuti injiniyo inasinthidwa. Mkati namonso muli umboni. Ya nthawi ya nkhondo imayendetsa camshaft (chitsulo chotsegula ndi kutseka mavavu) ndi tcheni, pomwe zambiri zapambuyo zimagwiritsa ntchito magiya.  Palinso jipi za Hotchkiss M201 zomwe zinapangidwa ku France mpaka m'ma 1960, zomwe anthu ena amazipaka utoto wa asilikali a ku America n'kumazigulitsa ngati zankhondo.

Sindikunena kuti jipi yosakanikirana zipangizo ndi yabodza ayi. Boma la America linalamula kuti chipangizo cha Ford chizikwana pa Willys, cha Willys pa Ford. Amakaniko ankhondo analibe nthawi yoyang'ana zilembo. Galimoto ikafa, ankazula chomwe chili pafupi n'kumanga. Jipi ya chasisi cha Willys ndi injini ya Ford ikhoza kukhala kuti inadutsadi m'moto. Chomwe chimandiwawa ndi kupaka utoto galimoto yapamunda n'kuipatsa mbiri yomwe ilibe.

Nkhaniyi kwa ife si yachilendo. Agogo athu a m'gulu lankhondo la King's African Rifles anapita ku Burma, ndipo mu 1944 anadutsa m'matope a chigwa cha Kabaw nthawi ya mvula, m'dera lomwe jipi ndi nyulu ndizo zinkanyamula katundu ndi ovulala. Mwana akamaonetsedwa galimoto n'kuuzidwa kuti ngati imeneyi ndiyo agogo ako anakwera, ndikufuna ikhaledi yamtundu umenewo.

Ndikupempha kuti mukonze mawu a pansi pa chithunzicho. Mtolankhani wanu akabwererako, apemphe mwini galimotoyo atsegule boneti, ajambule nambala ya pabuloko ndi chitsulo cha pansi pa radiyeta, mudzatulutse zithunzi ziwirizo tidzaone tonse.

Makaniko wopuma pantchito,
Zomba