Kalata kwa mwana wanga amene wayamba kuphunzitsa ku Poly

Mwana wanga,

Kuno tonse tili bwino, kupatula bondo la bambo ako lomwe layambanso ndi kuzizira kuno. Nkhani yoti akutenga kukhala mphunzitsi wothandizira pa maphunziro a uinjiniya wa zipangizo zachipatala tinailandira ndi nthungululu. Inu mumati MUBAS chichokereni pansi pa UNIMA mu 2021, koma ine undilole ndizingoti Poly, pakamwa panazolowera.

Zithunzi za chionetsero cha ophunzira ako ndaziona. Makina ndi okongola, alendo a masuti akuomba m'manja. Koma monga namwino wopuma, funso langa ndi lina: pakatha miyezi 6, makinawo adzakhala kuti?

Pachipatala chomwe ndinkagwira ntchito panali kachipinda kuseri kwa wodi ya ana, kodzaza mpaka kudenga ndi makina a okosijeni ndi zofunditsira makanda, zambiri zamphatso zochokera kunja. Sikuti zinali zakale. Ena fumbi linatseka fyuluta, ena anapsa magetsi atabwera mwamphamvu pambuyo pa kuzima, ena ankangofuna kapaipi kamodzi komwe m'dziko muno simungakapeze. Ife tinkangomatapo pulasitala, kulembapo kuti "chafa", basi, kwinaku ana awiri kapena atatu akugawana makina amodzi.

Nchifukwa chake Pumani ndimaulemekeza. Anthu a ku Rice University ya ku America, pamodzi ndi madokotala ndi anamwino a ku Queens, anaupanga kuti uzithandiza makanda obadwa masiku osakwana kupuma. Mkati mwake anaikamo timapampu ta mpweya tomwe anzathu amaika m'magalasi owetera nsomba zokongoletsa nyumba, ndiye mpweyawo umathera m'botolo la madzi. Namwino wa usiku, ngakhale atatopa chotani, akaona madziwo akuchita thovu amadziwa kuti zikuyenda. Akaona ali zii amayamba kufufuza pomwe paipi yamasuka. Safunika kudikira mzungu akwere ndege kudzakonza. Ubale womwewo ndi Rice ndi womwe unabala chipinda chanu chopangira zipangizo chija mu 2016, ndiye usaiwale kuti chinakhazikitsidwa chifukwa cha wodi.

Kuchoka pa Poly kufika ku Queens ndi ulendo wapansi, sipafunika ndi minibasi yomwe. Pempha chilolezo, uziwatengera ophunzira ako ku Chatinkha, wodi ya makanda ya ku Queens komweko, asanajambule chilichonse pakompyuta. Akaime pafupi ndi namwino, aone kuti soketi ndi zingati, amapukuta makina ndi mankhwala anji, ndipo magetsi akazima jenereta imatenga nthawi yaitali bwanji kuti ilire. Akafunsenso amisiri a PAM, okonza zipangizo m'zipatala za boma. Ambiri a iwo alibe digiri ngati yako, koma amamva vuto la makina pongomvera kulira kwake. Akulu anati safunsa anadya phula. Uwapatse ulemu, uziwatchula kuti bambo kapena mayi, osati kuwakodola ndi chala.

Ndipo pakati pa mapulojekiti a ophunzira, usanyoze wa mwana amene akungofuna kupanga fyuluta yochapika kapena chotetezera makina kuti asapse. Nyuzipepala sidzamujambula, ndikudziwa, ndipo mwina akuluakulu ako adzakonda wa roboti. Iwe umupatse malikisi ake oyenera.

Za kukalembetsa ku Malawi Engineering Institution, bungwe lolembetsa mainjiniya lija, wakhala ukuzengereza. Maliza mwezi uno, chifukwa mawa lino udzafuna kusainira ntchito nkupezeka kuti dzina lako mulibe m'kaundula. Ukayamba kusainira, usaike dzina pa chipangizo chomwe sunachiyese ndi manja ako, ngakhale wokupempha akhale mnzako wa m'kalasi.

Malipiro oyamba akatuluka usatitumizire onse monga unanenera. Lipira kaye lendi, ugule nsapato zotseka zolowera mu wekishopu. Bambo ako akupereka moni, ati uwaimbire Lamlungu akaweruka ku tchalitchi.

Ndine,
Mayi ako