Lipoti la msonkhano wa masikani a m'mutu uja

Moni nonse pagulu pano, ma CO (ma clinical officer) ndi ma radiographer (ojambula X-ray ndi masikani) a kuno ku Dedza. Ndabwerako kumsonkhano munandituma uja, ndiye ndati ndikutulireni zisanandithawe.

Nkhani yomwe inadya nthawi ndi ya mitsempha yobweza magazi kuchoka muubongo, ma venous sinus aja. Anationetsa zithunzi za CT ndi MRI, ndipo mwa anthu ambiri mbali ziwirizi sizifanana ayi. Transverse sinus (yodutsa chopingasa kunkhongo) yakumanja imakonda kukhala yaikulu, yakumanzere yowonda, mwa ena sioneka n'komwe, koma munthuyo ali bwinobwino, anabadwa choncho basi. Ukaiona koyamba umati magazi aundana pomwe palibe kanthu. Akuti pitani pa bone window (pomwe CT imaonetsa bwino mafupa) muone jugular foramen (bowo la pansi pa chigaza lomwe mtsempha umatulukira) ndi kangalande ka pafupa momwe sigmoid sinus (yopitiriza transverse ija) imadutsamo, zikakhala zazing'ono mbali yomweyo ndiye kuti n'chibadwa, paja fupa limakula motsata mtsempha wake. Palinso ma arachnoid granulation, timatupa tachibadwa tochokera ku nembanemba yokuta ubongo, omwe amalowerera mkati mwa sinus n'kumanamizira clot (magazi oundana), koma iwo amakhala ozungulira bwino pomwe clot imatalika kutsata mtsempha.

Kwa ine yomwe ikutikhudza kwambiri ife a m'maboma ndi ya jugular bulb (poyambira mtsempha waukulu wa m'khosi, pansi pa khutu), poti imeneyi sifuna sikani kuti ikupeze. Mwa ena imakwera mpaka kukhutu lapakati, ndiye mukasuzumira ndi otoscope (kachida koonera m'khutu) n'kuona chinthu chabuluu kuseri kwa eardrum chonde akuluakulu osaboola, si mafinya amenewo, ndi mtsempha ndipo magazi ake simungawaletse msanga.

Komatu tisatayirire n'kumati zonse n'zachibadwa. Mayi wongobereka kumene yemwe mutu sukumuleka, akukomoka kapena dzanja lafooka, mwana wotuluka mafinya kukhutu yemwe watupa kuseri kwa khutu ndipo thupi latentha, amenewa clot yeniyeni imawagwira, ndipo CT yopanda contrast (mankhwala obaya kuti mitsempha ioneke bwino) itha kuiphonya. Potumiza ku Kamuzu Central tizilemba zonsezi pa referral, tsiku lomwe anabereka, mbali yomwe yafooka, ndi kuti tikukayikira venous thrombosis (kuundana kwa magazi mumtsempha), osangoti "headache, for CT" ngati mmene timachitira tikatopa, wowerenga sikaniyo wodwala samuona, amadalira pepala lathulo.

Zokamba za makina atsopano ndazisiya, zinali zotsatsa malonda chabe. Ma slide ndili nawo pa flash, tidzaonera limodzi Lachisanu tikamaliza handover.