Nkhani zoopsa za zithunzi zisafere pa fotokope

Akonzi,

Ndiloleni ndilankhule ndi achinyamata a ku Nchalo, Ngabu, Bangula ndi Nsanje amene akufuna kujambula timabuku ta nkhani zoopsa zokhala ndi chinsinsi. Nkhani kuno sizisowa. Bwato longoyandama lopanda mwini m'dambo la Ndindi, kapena mudzi wosiyidwa chichitikireni namondwe Freddy mu 2023, ndi poyambira pabwino. Chimene chimapha ntchito yotere ndi kasanjidwe ka masamba ndi inki.

Mitundu yambiri ya inki siyofunika. Buku la From Hell la Alan Moore ndi Eddie Campbell, lonena za amayi amene anaphedwa ku Whitechapel mu London m'chaka cha 1888, linatuluka koyamba lili la inki yakuda yokha. Wakuphayo amadziwika msanga, koma mdima wa m'zithunzi zake umagwirabe mtima.

Mantha amakhala potembenuza tsamba. Munthu akatsegula buku amaona masamba awiri nthawi imodzi, choncho mtembo ukaikidwa kumanja, diso limaupeza asanawerenge za kumanzere. Chodzidzimutsa chiikeni pamwamba pa tsamba la kumanzere, la nambala ngati 6, 8 kapena 10. Tsamba la kumanja limene wowerenga amamaliza asanatembenuze lithere pa dzanja likukankha chitseko. Pepala limodzi la A4 likapindidwa limapereka masamba 4, ndiye kabuku kakhale ka masamba 16, 20 kapena 24. Yambani mwapinda mapepala opanda kanthu n'kulemba manambala, apo ayi mudzasokonezeka polumikiza.

Mthunzi wa pensulo umazimiririka pa fotokope, mwinanso umasanduka mabanga. Mdima upangeni ndi timizere ta inki topingasana. Koma musadetse tsamba lonse, chifukwa pa pepala wamba la 80gsm kudako kumaonekera kuseri, ndipo makina amene inki yake ikutha amasiya mikwasa yotuwa. Ngati mwajambula pa A4 kuti muchepetse kufika pa A5 (theka la A4), zonse zimatsika kufika pa 71 peresenti, motero zilembo zikhale zikuluzikulu. Kutentha kwa mu Okutobala kuno mukukudziwa: ikani kapepala pansi pa dzanja kuti thukuta lisafafanize inki.

Pa chinsinsi, chizindikiro choulula wolakwa chioneke m'zithunzi nkhani isanathe, monga nkhafi yothyoka itatsamira khoma kumbuyo kwa anthu akucheza. Wowerenga akabwerera m'mbuyo achipeze.

Chonde, wolakwayo asakhale gogo wokhala yekha kumapeto kwa mudzi. Lamulo la za ufiti la 1911 limaletsa kunena munthu kuti ndi mfiti, ndipo mphekesera za anamapopa mu 2017 zinaphetsa anthu m'chigawo chakummwera chino. Nkhani imakomanso kwambiri pamene ng'ona imene onse amati ndi yotumidwa ipezeka kuti inangonamiziridwa ndi munthu wolimbirana dimba.

Wowerenga wanu,
Bangula, Nsanje