Kalata yotseguka kwa Mayi Doris Tshepe, mkulu wa Competition Commission, bungwe la boma la South Africa loyang'anira mpikisano pa malonda

Mayi Tshepe,

Ndine Mmalawi wokhala kuno ku Johannesburg. Ndimayendetsa kagalimoto konyamula ndiwo zamasamba kuchokera pa kamunda kena ka ku Tarlton. Tilipo antchito asanu ndi mmodzi, ndipo malipiro athu amadikira kuti supamaketi ilipire abwana athu.

Mwezi wathawu ndinafika pageti la kuseri kwa supamaketi ina kusanache, nditanyamula makireti 40 a karoti ndi sipinachi. Mnyamata wolandira katundu anatola karoti mmodzi, kumutembenuzatembenuza, n'kunena kuti ngokhota. Anandibwezera makireti 14 osalemba kalikonse papepala. Karotiyo tinali titamuzula dzulo lake madzulo, wosawola, wosafumbwa, kungoti sanawongoke ngati kandulo. Ndinathamangira nawo ku Joburg Market ku City Deep, koma pofika ogula ambiri anali atabalalika, sipinachi atalefuka ndi dzuwa pamsewu wa M2. Zimene zinagulidwa zinapita motchipa, msika n'kudulapo 5 peresenti yake, ejenti nayenso yake. Zotsala tinakapatsa nkhumba za aneba.

Chimene chimandiwawa n'chakuti mkati mwa shopu yomweyo muli chikwangwani chonyadira kuti amagula kwa alimi ang'onoang'ono komanso amasamala chilengedwe. Nanga madzi a pamjigo amene tinathirira karotiyo, feteleza, dizilo wa jenereta? Bungwe loteteza chilengedwe la WWF linanena mu 2017 kuti dziko lino limataya matani 10 miliyoni a chakudya pachaka, ndipo mu 2020 mashopu akuluakulu analonjeza kuchepetsa zotayidwazo ndi theka pofika 2030. Koma chobwezedwa pageti chimawolera kumunda kwa mlimi. M'mabuku a shopu simuoneka kanthu, manja awo ngoyera.

Ndikudziwa kuti ofesi yanu sinakhale chete. Munafufuza za malonda a zipatso ndi ndiwo zamasamba kuyambira 2023, lipoti n'kutuluka mu Januwale 2025. Palinso malamulo a 2020 oletsa ogula akuluakulu kupondereza mabizinesi ang'onoang'ono pamitengo ndi pamapangano. Vuto ndi mantha. Abwana anga, mayi olimbikira kwabasi, sangakagogode kwa inu, chifukwa akudziwa kuti mawa lake foni ya oda siidzaliranso. Amangomeza malovu n'kutiuza kuti tipirire mpaka pa 15.

Pempho langa ndi ili. Katundu akabwezedwa, wolandirayo azilemba chifukwa chake, kujambula chithunzi, n'kusainira, ndipo makilogalamu amenewo aziwerengedwa m'zotayidwa za shopuyo. Mlimi wamng'ono azilipidwa masiku 30 asanathe, pakuti mbewu ndi manyowa sitigula pangongole. Mutipatsenso njira yodandaulira dzina la munda osafika kwa wogula. Ndipo ngati antchito anu angathe, adzaime pageti la kuseri nthawi ya 5 koloko m'mawa, osanena kuti akubwera.

Ine wanu,
Dalaivala wa ku Tarlton