Tisunthe masipika tisanakweze voliyumu

Akonzi,

Ndiloleni ndifotokozere awerengi anzanga za vuto limene ndakhala nalo kwa zaka 6 tsopano, ndiponso zimene ndaphunzira pabalaza panga pofunafuna njira yokhalira nalo mwamtendere. Makutu anga amalira usana ndi usiku. Kulira kwake kumafanana ndi kwa nyenje zimene zimasokosa m'mitengo dzuwa la mu Okutobala likafika paliwombo, koma nyenje zimaleka nyengo yake ikatha pamene kulira kwa m'makutu mwangamu kulibe nyengo. Madokotala amalitcha vutoli tinnitus. Kwathu kuno timangoti khutu likulira, ndipo ukadandaula anthu amakuyankha kuti pali wina amene akukutchula kwinakwake, nkhani n'kuthera pomwepo.

Chimene chinandibweretsera zimenezi ndikuchidziwa. Nditangomaliza sukulu ndinagwira ntchito pachigayo kwa zaka 4, kuyambira m'mawa mpaka madzulo ndili pafupi ndi injini ya dizilo popanda chilichonse chotchinga m'makutu. Kenako kwa zaka 11 ndinali woyendetsa zokuzira mawu kumpingo kwathu ndiponso m'maukwati a Loweruka, kumene malo anga ankakhala pambali penipeni pa masipika chifukwa mawaya athu anali aafupi. Ndikachoka kuukwati makutu ankalira mpaka Lolemba kenako n'kusiya, ndipo ndinkangoti ndi mmene ntchitoyi imakhalira. Loweruka lina, perekaniperekani atatenga maola ambiri, kulirako kunayamba monga mwa nthawi zonse, koma Lolemba linadutsa, mwezi unatha, ndipo mpaka lero sikunasiye.

Katswiri wa makutu amene anandiyeza anandifotokozera kuti mkati mwenimweni mwa khutu muli kachiwalo kopindika ngati chigoba cha nkhono, ndipo mmenemo muli timaselo pafupifupi 16,000 tokhala ndi tiubweya timene timalandira mawu n'kuwatumiza kuubongo. Phokoso lalikulu limawononga timaselo timeneti, ndipo mwa munthu timaseloti tikafa sitimeranso. Ubongo ukaona kuti mawu ena sakufikanso, umayamba kudzikuzira wokha pofunafuna mawuwo. Ine zimenezi ndinazimvetsa msanga, chifukwa aliyense amene anagwirapo ampulifaya amadziwa kuti ukaikweza kwambiri popanda wolankhula pa maikolofoni, masipika amayamba kutulutsa kaphokoso kawo kosalekeza. Phokoso limayezedwa m'madesibelo, ndipo muyezo umene akatswiri ambiri a zaumoyo wa pantchito amatsatira ndi wakuti madesibelo 85 munthu asapitirire nawo maola 8 pa tsiku, ndipo akakwera ndi 3 okha nthawiyo imadulidwa pakati. Pofika pa madesibelo 100, omwe masipika a paukwati amafika mosavuta, nthawiyo imatsala mphindi 15 zokha. Ine ndinkakhala pamenepo masana onse.

Komabe chimene ndatengera cholembera lero ndi nkhani ya m'nyumba. Nditauzidwa kuti vutoli lilibe mankhwala olichotseratu, ndinachita mantha ndipo ndinazimitsa wailesi ndi nyimbo zonse pafupifupi chaka chathunthu, poganiza kuti ndikupumitsa makutu. Zinthu zinangoipiraipira, chifukwa m'nyumba mukakhala zii kulirako kumatsala kokha, ndipo usiku magetsi akazima, firiji n'kusiya kulira, ndinkangotembenukatembenuka mpaka tambala woyamba. Nditabwerera ku nyimbo ndinakumana ndi vuto lina. Kuti ndimve bwino mawu a wowerenga nkhani kapena a kwaya, ndinkakweza voliyumu mpaka nambala 24, mayi a kunyumba n'kumadandaula kuti sakumvana ndi ana, ndipo ndikazimitsa makutu ankalira moposa kale. Ndinkakhulupirira kuti vuto lonse lili m'makutu mwanga, mpaka tsiku lina pamene tinatulutsa masipika pakhonde pokolopa m'nyumba, ndipo ndinadabwa kumva liwu lililonse la wailesi voliyumu ili pansi kwambiri.

Pabalaza pathu ndi pofanana ndi pa mabanja ambiri a m'tauni. Ndi pa mamita 4 m'litali ndi mamita 3 ndi theka m'lifupi, pansi ndi pa simenti, makoma ndi opanda kanthu kupatula kalendala ndi zithunzi ziwiri, ndipo kukhoma lina kuli kabati ya magalasi yosungiramo mbale za alendo. Masipika awiri aakulu anali pansi m'makona, kumene sakanapingasa aliyense, ndipo sabuwufa, sipika yotulutsa mawu okhuthala otchedwa besi, inali yopanikizidwa kuseri kwa kabati ija. Tinaika choncho chifukwa zinkaoneka zaudongo, ndipo ndikudziwa kuti nyumba zambiri zili chimodzimodzi. Chimene sitinkadziwa n'chakuti kona imachulukitsa besi, popeza makoma awiri ndi pansi zimabweza mawu okhuthalawo nthawi imodzi, pamene mawu opyapyala, amene amatithandiza kusiyanitsa liwu lina ndi linzake, amayenda molunjika ngati kuwala kwa tochi. Sipika ikakhala pansi, mawu opyapyalawo amakathera m'miyendo ya tebulo ndi kumbuyo kwa mpando. Chofika kukhutu ndi mkokomo wokhawokha, ndipo munthu amakweza voliyumu pofuna mawu omveka koma chimene amaonjezera ndi mkokomo womwewo. Kwa munthu ngati ine, amene mawu opyapyala ndi omwe anayamba kutayika, zimenezi zinkandipweteka pawiri.

Ndinayamba kuyesa pang'onopang'ono, madzulo alionse kusintha chinthu chimodzi chokha, ndikumvetsera nyimbo imodzimodzi ya kwaya imene ndimaidziwa liwu lililonse. Choyamba ndinachotsa masipika m'makona n'kuwakweza pa timipando tiwiri ta matabwa, kuti kasipika kakang'ono ka pamwamba, kamene kamatulutsa mawu opyapyala, kafanane msinkhu ndi makutu anga ndikakhala pansi. Kusintha kumeneku kokha kunaposa zina zonse zimene ndinachita pambuyo pake. Kenako ndinawakokera kutsogolo masentimita 50 kuchoka kukhoma, ndipo mkokomo uja unachepa. Ndinawatalikitsa mamita 2 ina ndi inzake, mpando wanga n'kuuika mamita 2 kuchoka pa iliyonse, monga mafuwa atatu a pamoto. Mpandowo poyamba unali wotsamira khoma lakumbuyo, ndipo nditausuntha pang'ono chabe mawu a besi a m'kwaya anasiya kumiza a anzawo.

Sikuti zonse zinkayenda bwino. Ndinamva kwa mnzanga wina wa ntchito yakale ija kuti masipika azilozetsedwa kumakutu a womvera, ndipo ndinatero. Mawu anamvekadi akuthwa, koma pasanathe ola limodzi ndinatopa, ndipo usiku umenewo makutu analira kwambiri moti ndinadzuka n'kukakhala pakhonde. Mawa lake ndinawatembenuza pang'ono kuti aloze chakumbali kwa mapewa anga, ndipo ukali uja unatha koma mawu n'kumamvekabe. Apa m'pamene ndinazindikira kuti malangizo a anthu a makutu abwinobwino sayenera kutsatidwa mwachimbulimbuli ndi munthu amene makutu ake anavulala kale, ndipo ndinayamba kuweruza kusintha kulikonse poona mmene ndagonera usiku wake.

Sabuwufa inandivuta kwa masabata angapo. Njira imene inathandiza ndi yoti umaiika pampando pamene umakhala, n'kuyatsa nyimbo ya besi yambiri, iwe n'kumakwawa m'mbali mwa makoma kufunafuna pamene besiyo ikumveka yosalala, yosagunda pachifuwa, ndipo pamenepo m'pamene umaikapo sabuwufayo. Kwathu malowo anapezeka chapakati pa khoma la kuwindo, ndipo magalasi a kabati anasiya kunjenjemera. Chomaliza chinali makoma ndi simenti. Mukaomba m'manja kamodzi m'chipinda chopanda katundu mumamva kaphokoso kotsalira kakubwerera, ndipo kaphokoso kameneko n'kamene kamasokoneza mawu a munthu wolankhula. Sindinagule chilichonse chodula. Tinayala mphasa ndi kakapeti kakale pakati pa masipika ndi mpando, tinapachika makatani okhuthala, ndipo shelefu ya mabuku imene inali kuchipinda tinaibweretsa kukhoma lakumbuyo. Lero ndimamvera nkhani voliyumu ili pa 14 kapena 15, ndipo mayi a kunyumba amatha kucheza ndi mlendo m'chipinda chomwecho. Makutu akulirabe, sindikufuna kunamiza aliyense, koma sakukweranso madzulo alionse monga kale.

Za usiku ndinathandizidwa ndi katswiri uja. Iye anandiuza kuti ndisamagone muli zii, komanso ndisamayese kukwirira kulirako ndi phokoso lalikulu, koma ndiziyatsa mawu ofatsa otsika pang'ono kuposa kulira kwa m'makutumo, kuti ubongo uzimva zonse ziwiri mpaka uzolowere n'kusiya kukulabadira. Ndinali nditaona kale kuti usiku wa mvula yowaza pa malata ndi umene ndimagona bwino kuposa wina uliwonse, choncho ndinajambula mvulayo pa foni. Ngakhale pamenepa malo a sipika anali ndi ntchito. Nditaika kasipika pafupi ndi pilo, mawu ankalowa khutu limodzi lokha ndipo linalo linkalira momasuka, komanso mayi ankalephera kugona. Nditakaika pansi chakumiyendo kwa bedi, koloza kukhoma, mawu anamwazika m'chipinda chonse ngati mvula yeniyeni ndipo tonse tinayamba kugona. Katswiriyo anandichenjezanso kuti zotseka m'makutu ndizivala pamalo a phokoso pokha, chifukwa kuzivala tsiku lonse kumachititsa makutu kuyamba kuopa ngakhale mawu wamba.

Zimene ndaona m'nyumba mwanga zikundipweteketsa mtima ndikalowa m'matchalitchi ndi m'maholo athu. Kawirikawiri masipika amaunjikidwa pansi kutsogolo, ndipo pofuna kuti akumbuyo amve woyendetsa amakweza mpaka kumapeto, pamene okhala kutsogoloko nthawi zambiri ndi ana a Sande sukulu, kapena paukwati timaluwa tating'ono ndi agogo olemekezeka. Panja popanda makoma, mtunda wochoka pa sipika ukawirikiza kawiri phokoso limatsika ndi madesibelo 6, kutanthauza kuti mwana wokhala mita imodzi kuchoka pa sipika akulandira zoposa kwambiri zimene akulandira bambo wokhala mamita 16 kumbuyo amene akukodola kuti akweze. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linanena kuti achinyamata oposa 1 biliyoni ali pachiopsezo chowononga makutu awo chifukwa cha kamvedwe ka nyimbo kosasamala, ndipo mu 2022 linatulutsa muyezo wakuti m'malo a zisangalalo phokoso lisapitirire madesibelo 100 poliyeza pa mphindi 15. Kumpingo kwathu tinawotcheretsa zitsulo zokwezera masipika pamwamba pa mitu ya anthu, tinagula waya wautali n'kuika sipika ina pakati pa tchalitchi, ndipo ana tinawasunthira mabenchi atatu kumbuyo. Ulaliki ukumveka bwino kuposa kale ampulifaya ili pa theka. Eni zigayo nawo ndikuwapempha kuti agulire anyamata awo zotchinga m'makutu, chifukwa mtengo wake sufika ngakhale pa ndalama zimene chigayo chimapeza m'mawa umodzi.

Kwa anzanga amene makutu akulira kale, ndikupempha kuti tisamathiremo mafuta ophikira, madzi a adyo kapena mankhwala ogulitsidwa m'misika, ndiponso tisamatokose ndi nthenga ya nkhuku kapena kamtengo ka machesi. Nthawi zina chochititsa chimakhala litsiro louma m'khutu kapena matenda amene achipatala angathe kuchiza, ndipo amene tinamwapo kwinini podwala malungo tikukumbukira kuti mankhwala ena nawo amaliritsa makutu. Ngati khutu likulira limodzi lokha, kapena kulirako kukugunda motsatana ndi mtima, kapena khutu lasiya kumva mwadzidzidzi, kapena pali chizungulire, munthu apite kuchipatala msanga osadikira kuti aone mawa. Makutu amayezedwa kuchipatala chachikulu cha Queen Elizabeth ku Blantyre ndiponso kukiliniki ya makutu ya African Bible College ku Lilongwe, ndipo kuyezako sikupweteka.

Pa 3 Malichi chaka chilichonse dziko lonse limakumbukira tsiku la kumva. Ndikukupemphani, Akonzi, kuti pa tsiku limenelo mudzapereke tsamba limodzi kwa akatswiri athu a makutu, ndipo mudzatumize mtolankhani ndi choyezera phokoso kuchigayo, m'minibasi ndi kuukwati wa Loweruka, kuti awerengi adzaone okha manambala ake m'Chichewa.

Ndine wowerenga wanu,
Bambo wa ku Chilomoni, Blantyre